Nanga bambo wa khandalo mwamufunsa kuti wagona bwanji?

 Sabata ino ndapatukako pa nkhani za kumunda zija. Ndabwera ndi nkhani ya abambo, koma amayi musatseke tsambali pakuti mbali ina ikukhudza inu ndithu.

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala, dzuwa la ku Tete lija litatiphika tsiku lonse, ndidaweruka ku ntchito ndi kukwera njinga yamoto ya kabaza. Nditangotchula kumene ndimapita, mnyamata woyendetsayo adacheuka nati, "Kodi si inu akulu mumayankhula pa wailesi aja?" Ndidavomera. Kayankhulidwe kake kadandiuziratu kuti ngwa kumtunda ku Angónia, ndipo tili m'njira adandiuza kuti akuchita lendi kachipinda kamodzi m'dera la Francisco Manyanga, dera lija adalitcha dzina la msilikali wa FRELIMO wa pa nkhondo yomenyera ufulu. Titafika ndidatulutsa ndalama, koma iye adakana. "Ndalamayo sungani akulu," adatero. "Ine ndili ndi mawu, mundimvereko pang'ono." Tidakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Zimene adandiuza wandilola kuti ndizilembe, malinga ndisatchule dzina lake ndi mudzi wake.

Mnyamatayu ali ndi zaka 26. Mkazi wake adachira m'mwezi wa Julaye, mwana wamkazi, woyamba. Matenda adatalika, kotero kuti madokotala adachita kumutenga mwanayo pa opaleshoni. Apongozi ake aakazi adali atabwera kuchokera kumudzi kudzadikirira, ndipo atamva za opaleshoniyo adamuyang'ana mkamwini wawo ndi diso limene tonse tikulidziwa. Paja kwathu kuno mayi akavutika pochira, ena amati mwamuna adayenda njira zosayenera mkazi ali ndi pakati. Mnyamatayu akuti sadachite chilichonse chotere, koma angatsutsane bwanji ndi apongozi pa nkhani imene sadaitchule n'komwe? Adangomeza.

Mayi ndi mwana atatuluka m'chipatala, apongozi adakhala sabata zitatu m'kachipinda kaja, iye n'kumagona pakhonde. Njinga imene amayendetsa si yake. Mwini wake amafuna ndalama yake madzulo alionse, kaya tsikulo kudali makasitomala kaya ayi. Lendi, makala, sopo, matewera, chakudya cha mayi woyamwitsa amene ali ndi bala pamimba, zonsezi zimayang'ana pa iye.

"Akulu," adatero, "tulo tidandithawa mkazi wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mpaka lero. Ndikagona mtima umangogunda ngati ndathamanga. Nsima sindiimva kukoma. Mwana akalira mutu wanga umachita ngati ung'ambika, ndiye ndimachedwera dala kumowa kuti ndikapeze atagona. Tsiku lina ndidaponya beseni kukhoma, mkazi wanga mpaka pano amandiopa. Choopsa n'chakuti ndikamunyamula mwanayo sindimva chilichonse mumtima. Anthu akuti mwakula tsopano, ndinu bambo, ine n'kumangoseka mano okha." Adakhala chete, kenaka adanena mawu amene adandizizira m'thupi ngakhale kunkatentha chotero. Adati masiku ena amaganiza kuti mkazi wake ndi mwanayo angakhale bwino iye kulibe.

Ndisakunamizeni, mawu oyamba amene adafika pakamwa panga adali aja tidakula nawo akuti limbani mtima, mwamuna salira. Mwamwayi ndidawabweza. M'malo mwake ndidamufunsa kuti, "Mphwanga, zimenezi mwauzako yani?" Adaseka pang'ono nati, "Ndiuza yani? Apongozi? Anzanga a pa siteji, kuti mawa azindiloza? Mkazi wanga ali ndi bala lake kale."

Abale anga, zimene zamugwira mnyamatayu ndi matenda, ndipo madokotala akuwadziwa bwino. Si ulesi, si ufiti, si kusakonda mwana. Ndi matenda a nkhawa, kapena kuti kuvutika maganizo, amene amabwera pa nthawi ya pakati ndi m'chaka choyamba cha mwana. Kwa amayi matendawa adadziwika kalekale. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko osauka ngati athu ano, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amene angochira kumene amavutika nawo. Za abambo zidachedwa kudziwika. M'chaka cha 2010 akatswiri awiri a ku America, James Paulson ndi Sharnail Bazemore, adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 43, wokhudza anthu oposa 28,000, ambiri a iwo a m'maiko olemera. Adapeza kuti pafupifupi bambo mmodzi mwa khumi alionse amadwala matendawa, ndipo nthawi yovuta kwambiri ndi pamene mwana ali pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi. Adapezanso kuti mayi akamavutika maganizo, kawirikawiri bambo nayenso amakhala akuvutika. Mwana wa mnyamata wathuyu adali ndi miyezi inayi tsiku limene tidakumana.

Wina afunsa kuti, nanga mwamuna sadasenze pakati, sadamve ululu, akudwala chiyani? Funsoli n'labwino, ndipo palibe amene akunena kuti katundu wa bambo akulingana ndi wa mayi. Mayi ndiye amafika pakamwa pa imfa. Koma taganizani zimene zimamugwera mwamuna nthawi imodzi. Tulo tachepa kwa miyezi. Ndalama zikufunika zambiri pomwe mkazi, amene ankathandiza ndi kabizinesi kapena kumunda, wagona. Mantha akuti mkazi kapena mwana angafe adamugwira ali yekha panja pa chipatala. Mwambo ukuti asayandikire mkazi wake kufikira mwana atatengedwa, poopa mdulo, ndipo m'nyumba zambiri kutalikirana kumeneku kumafika mpaka pa kucheza komwe. Thupi lake nalo limasintha. Kafukufuku wa pa mzinda wa Cebu ku Philippines, amene adatuluka mu 2011, adaonetsa kuti mphamvu ya m'thupi la mwamuna yotchedwa testosterone imatsika akangokhala bambo. Ndipo amene adavutikapo maganizo kale, kapena amene adakula ndi bambo wankhanza kapena wopanda bambo n'komwe, matendawa amamupeza msanga.

Chimene chimabisa matendawa n'chakuti mwa mwamuna sakonda kuoneka ngati misozi. Amaoneka ngati ukali, mowa, kuchedwa kubwera kunyumba, kugwira ntchito usiku ndi usana, mutu ndi msana zosatha, kapena kungokhala duu osayankhula. Ndiye pamudzi timati wayamba mwano, kapena wapeza wina. Ankhoswe amaitanidwa kudzaweruza mlandu pamene pamafunika kuthandiza wodwala.

Komanso amene amalipira si bambo yekha. Mu 2005 dokotala wina wa ku England, Paul Ramchandani, ndi anzake adalemba za abambo oposa 8,000 a m'dera la Bristol. Adapeza kuti ana amene abambo awo adavutika maganizo mwana ali wakhanda, pofika zaka zitatu ndi theka ankakhala ndi mavuto a khalidwe kuposa anzawo, makamaka ana aamuna. Choncho amene akuti zisiyeni zitha zokha, adziwe kuti akusiyira mdzukulu wake.

Makolo athu sadali opusa pa nkhaniyi. Mkazi akatenga pakati poyamba anamkungwi ankalangiza banja lonse, mwamuna yemwe. Mayi akalowa m'chikuta, mwamuna ankakhala pabwalo ndi amalume ake ndi akuluakulu ena, akusema mpini kapena kuluka nkhokwe, ndipo mawu ankatuluka okha manja ali pa ntchito. Mnyamata wa ku Francisco Manyanga alibe bwalo limenelo. Amalume ake ali ku Angónia, ulendo wa tsiku. Chimodzimodzi anyamata athu amene ali ku migodi ya malasha ku Moatize, m'minda ya fodya, kapena ku Joni, amene amangomva kulira kwa mwana wawo pa foni. Ngakhale wa pamudzi pomwe, ngati ali pa chikamwini, amakhala mlendo pakati pa abale a mkazi wake, ndipo zakukhosi amasowa pozitulira. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Tsono thandizo lili kuti? Ambiri tikamva za chipatala cha maganizo timaganiza za Infulene ku Maputo kapena Zomba ku Malawi, ndiye timati kumeneko n'kwa amisala. Koma thandizo loyamba la matendawa si kugonekedwa. Ndi uphungu, kutanthauza kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa ntchito yomvetsera ndi kuthandiza kumasula maganizo. Kuno ku Mozambique, poona kuti madokotala akuluakulu a matenda a maganizo ngochepa, unduna wa zaumoyo udayamba cha m'ma 1996 kukhala ndi anthu otchedwa técnico de psiquiatria, ndipo pofika 2014 anthu amenewa adali atafika m'maboma onse 135 a nthawi imeneyo. Choncho mukapita ku chipatala chachikulu cha Tete, ku chipatala cha Ulónguè kapena cha boma lanu, funsani kuti mukufuna kuonana ndi técnico de psiquiatria kapena psicólogo. Ngati muli kutali, yambirani kwa namwino wa pa chipatala chaching'ono kapena kwa APE wa m'mudzi mwanu, iwo akulozerani. Abale a ku Malawi funsani pa chipatala cha boma lanu za namwino woona matenda a maganizo.

Kodi kungoyankhula kungachize munthu? Anzathu a ku Zimbabwe adayesa. Dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, adataya wodwala wake amene adadzipha atasowa ndalama ya basi yobwerera ku chipatala. Mu 2006 adaika benchi panja pa chipatala chaching'ono ku Mbare, ndi kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu amene ali ndi vuto limene Ashona amalitcha kufungisisa, ife tingati kuganiza kwambiri. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Munthu amakumana ndi agogowo kasanu ndi kamodzi. Amayamba ndi kutula zonse, kenaka amatchula mavuto ake limodzilimodzi, amasankha limodzi limene angathe kuligwira, amapangana choti achite sabata imeneyo, ndipo akabweranso amafotokoza m'mene zayendera. Zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 zimene zidatuluka mu 2016 zidaonetsa kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 alionse amene adakhala pa benchipo, 14 okha ndiwo adali akadali ndi zizindikiro za matendawa, pomwe mwa amene adangolandira chithandizo cha masiku onse adali 50. Koma mverani ichi: mwa anthu 100 alionse a m'kafukufukuyo, 86 adali amayi. Abambo tidali kuti? Tidali kumowa ndi pa bawo, tikulimba mtima.

Mnyamata uja ndidamuuza zonsezi, ndipo ndidamufunsa mosapita m'mbali ngati adali ndi maganizo odzichotsera moyo usiku umenewo. Adati ayi, maganizowo amangobwera n'kupita. Tidapangana kuti m'mawa mwake adzanditenge, ndipo tidapitira limodzi ku chipatala china cha mumzinda muno. Ine ndidatsala panja. Atatuluka adandiuza kuti adadabwa ndi mafunso ake. Sadamufunse kuti mukumva chisoni kodi, pakuti akadatero iye akadakana. Adamufunsa kuti mumagona maola angati, mumadya bwanji, mumamwa mowa wochuluka bwanji tsopano poyerekeza ndi chaka chatha, chimakupsetsani mtima msanga n'chiyani, ndipo tsiku la opaleshoni lija mudali kuti ndipo mudaganiza chiyani. Pa funso lomalizali akuti adalira koyamba chichokereni kumudzi. Adamufotokozeranso kuti chimene chimachedwetsa mwana kubadwa ndi monga kuchepa kwa njira ya mayi kapena kagonedwe ka mwana m'mimba, osati mayendedwe a mwamuna. Akuti adamva ngati amutula thumba la chimanga.

Pofika lero wapitako kanayi. Pa mavuto onse amene adatchula adasankha kuyamba ndi tulo ndi mowa. Adapangana ndi mkazi wake kuti iye azisamalira mwana madzulo mayi akugonako, ndipo usiku mayi azimusiya agone maola angapo osadukiza chifukwa m'mawa amanyamula miyoyo ya anthu pa njinga. Ndiye amene amasambitsa mwana madzulo tsopano, ndipo akuti kamtsikanako kayamba kumusekerera. Ulendo wachitatu adapita ndi mkazi wake, ndipo kudapezeka kuti mayiyo nayenso ankavutika chamumtima, akuganiza kuti mwamuna wake wamuda chifukwa cha chipsera cha pamimba. Anthu awiri m'chipinda chimodzi, aliyense akubisira mnzake. Sindikunena kuti zonse zatha. Lendi ya mwezi watha sadamalize, njinga ikadali ya eni ake, ndipo masiku ena akuti mtima umalemerabe. Koma adaimbira foni amalume ake ndi kuwauza zonse, ndipo mowa wachepa.

Tsopano ndili ndi mapempho. Loyamba lipite kwa anamwino ndi alangizi a m'zipatala. Mwachita bwino kutiitana abambo ku sikelo ya amayi oyembekezera, ndipo ambiri tayamba kubwera. Koma tikabwera, tikangoyezedwa magazi basi ntchito yathu yatha. Onjezaniko mafunso awiri kapena atatu kwa bamboyo, makamaka ali payekha, za tulo, za mowa ndi za mantha ake. Mukapeza mayi akuvutika maganizo, itanitsani mwamuna wake, pakuti mwina odwala ndi awiri. Ku Malawi mafunso ofufuzira matendawa mwa amayi oyembekezera adamasuliridwa kale m'Chichewa ndi m'Chiyao ndi kuyesedwa ku Mangochi, kotero chiyankhulo si chopinga. Ndipo sungani chinsinsi. Mwamuna akangomva nkhani yake pamsika, iye ndi anzake khumi sadzapondanso pakhomo panu.

Lachiwiri lipite kwa amalume, ankhoswe, mafumu ndi akulu a mipingo. Mukapita kukaona khanda, mutaponya kangachepe m'mbale, muitaneni bambo wa mwanayo kuseri mumufunse kuti wagona bwanji. Akayankha kuti bwino, dikirani pang'ono mufunsenso. Musathamangire kulangiza, yambani mwamva. Pemphero n'labwino, koma monga sitimuletsa wa malungo kupita ku chipatala chifukwa tamupempherera, uyunso tisamuletse. Ngati kuchipatala aona kuti matenda akula ndipo apereka mankhwala, mulimbikitseni amwe monga amuuzira, asasiyire panjira.

Lachitatu lipite kwa olemba anthu ntchito. Lamulo la ntchito nambala 13/2023, limene lidayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, limapatsa mayi masiku 90 ndi bambo masiku 7 opuma mwana akabadwa. Lamulo lakale la 2007 linkapatsa bambo tsiku limodzi lokha pa zaka ziwiri. Ku Malawi kuyambira 2021 bambo ali ndi sabata ziwiri kamodzi pa zaka zitatu. Abambo a pa ntchito tengani masiku amenewa, ndipo muwathere pakhomo osati kumowa. Mlimi ndi wakabaza alibe bwana womupatsa tchuthi, choncho tchuthi chake tipereke ndife abale. Khanda likabadwa nthawi yopalira, tsiku limodzi la dima m'munda mwa banjalo liposa nsalu khumi.

Lachinayi lipite kwa amayi. Mukaona mwamuna wanu wasintha chotere, musafulumire kuganiza za mkazi wina. Mufunseni pa nthawi yabwino, kapena tumani munthu amene iye amamulemekeza. Koma ndinenetse pano kuti matendawa si chilolezo chomenyera mkazi kapena mwana. Lamulo nambala 29/2009 limaletsa nkhanza za m'banja, ndipo ku polisi kuli ofesi yolandira madandaulo otere. Mukaona kuti moyo wanu kapena wa mwana uli pa chiswe, chokani kaye mupite kwa abale, zothandiza bamboyo zidzakambidwa muli pabwino.

Lomaliza lipite kwa inu abambo anzanga. Ngati padutsa sabata ziwiri kapena kuposa tulo tikukuvutani, chakudya sichikoma, zimene munkakonda sizikukusangalatsani, mukupsa mtima ndi zazing'ono, kapena mukudziona ngati munthu wachabechabe, pitani mukaonane ndi achipatala. Ngati maganizo odzichotsera moyo akubwera, musadikire sabata ziwirizo, uzani munthu lero lomwe ndipo mupite naye ku chipatala. WHO imati pa dziko lonse amuna odzipha amachuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi akazi, ndipo ambiri a ife taikapo mnzathu amene dzulo lake tidaseka naye. Inu amene mnzanu wakuuzani mawu otere, musamuseke, musamusiye yekha, ndipo musaope kumufunsa molunjika. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamutsegulira khomo.

Dzulo ndidakumana naye mnyamata uja pafupi ndi mlatho wa Samora Machel akudikira makasitomala. Ulendo uno ndalama adalandira, ndipo adati ya ulendo woyamba ujanso ndikadali nayo ngongole chifukwa mwana akufuna phala. Ndidalipira zonse.

Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, kaya mukugwirizana nane kaya mukutsutsa, lembani kalata kwa mkonzi wa tsamba lino. Amene simufuna kuti dzina lanu lituluke nenani, tidzalibisa. Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola.